Mandimu ndi Phulusa

Ndikukumbukira m'mawa wina wa mu Juni, ndili ndi zaka khumi, nkhungu itaphimba minda ya tiyi. Ndinamwa madzi pampopi wa kumalaini a esiteti, mano akutsogolo n'kulasa ngati mwalowa singano. Nditadziyang'ana pakagalasi ka amayi, nsonga zake zinali zopyapyala, zoonekera kuwala ngati chikhadabo.

Komatu mwa atsikana onse a pamalaini, wotsuka mano kwambiri ndinali ine. Tinkapikisana kuyera mano. Pochokera kusukulu tinkayamwa mandimu othira mchere, nyengo ya mango n'kumadya aawisi ndi tsabola. Mano akayayamira, ndinkathamangira kukhitchini, kutapa phulusa ndi chala, kukwecha mpaka alire kuti tswii.

Amayi atabwera kothyola tiyi ndinawaonetsa, ndipo anati m'manomo mwalowa kachilombo, akazule basi. Mtsikana wa magweru kutsogolo, ndani sangamuseke?

Lamulungu kunabwera azakhali anga a Esinati, namwino wa ku Makwasa. Anandiyasamitsa, n'kufunsa zimene ndimadya ndi zimene ndimatsukira. Kenako anatenga chigoba cha dzira, kuchiika m'mbale, n'kufinyiramo ndimu. Ndinasuzumira: tithovu ting'onoting'ono tikutuluka pachigobapo. Patapita nthawi anati ndichikande. Chinapalika ngati choko chonyowa.

"Dzino nalonso lili ndi chigoba chake," anatero. "Ndimu amachifewetsa, iwe n'kubwera ndi phulusa lako ngati ukukwecha poto."

"Ndiye chimeranso, azakhali?"

"Chimene wapala chapita, mwanawe. Koma chofewacho malovu amachilimbitsanso, ukawapatsa mpata."

Malovu omwewa timalavula pansiwa? Iwo atatembenuka kucheza ndi amayi, ndinalavulira pachigoba china n'kukhala chiyang'anire. Atandipeza anaseka mpaka misozi. "Iwe, mbale si m'kamwa. Umangofunsa, n'chifukwa chake ndimakukonda."

Mano anga sanazulidwe, koma anatsala aafupi, ndipo madzi ozizira ndimamwera pambali mpaka lero.

Pano ndili ndi ana awiri. Sukulu sindinapite nayo patali, koma m'kamwa mwawo ndimayang'anamo ngati mlimi panazale. Tsiku lina wamkulu, Tadala, anabwera lilime lili psuu ndi mafirizi, m'thumba muli bwemba, akuti mano akunyerenyetsa. Agogo ake, apongozi anga, anali atamupatsa kale khala kuti akweche.

Ndinagwada n'kupempha, "Amayi, pepani, khalalo ayi."

"Ana a masiku ano, uve mwausandutsa nzeru," anatero.

Ndinangoti zikomo, khala n'kuponya pamoto.

Ana angawa chowawasa sindiwaletsa, angakadyere kuseri. Amadya pamodzi ndi chakudya, n'kuchukucha madzi, ndipo miswachi ndimaisomeka kudenga kumene safikira. Ikatha nthawi ndimaitsitsa ndekha, kupaka mankhwala otsukira mano pang'ono, n'kuwagwira dzanja kuti atsuke mofatsa. Ndinazindikira kuti dzino likafewa limafuna kulisiya kaye, osati kulikwecha. Tadala amadandaula kuti ndimamulondalonda. Mano ake akutsogolo ndi athunthu.