Linga la Aphunzitsi ndi Mbuzi za M'dimba

Aneba anga ku Mpanshya, aphunzitsi opuma ntchito, amakonda masewera akale a pakompyuta omanga malinga komanso kulanda maufumu. Amasewera ngati mlimi. "Yambani mwalima, kenako mumange mpanda," amatero. "Nkhondo ibwere asilikali atakhuta."

Loweruka lililonse tinkasewera mosinthana, ine n'kumangogonja. Tsiku lina, nditawazinga koyamba, ndinaona pawindo mbuzi zikulowa m'dimba lawo. Ndinakhala chete mpaka linga lawo litagwa. Potuluka tinapeza repu yense atadyedwa.

"Munaziona, ba neba?" anandifunsa.

Ndinavomera.

"Ndiye mwapambanadi," anatero, n'kukatseka kompyuta.

Amandipatsabe moni mwaulemu. Koma Loweruka amasewera okha, ndipo pampando wanga paja amayanikapo matawulo.