Nokhu, Amene Anadya M'dzanja la Raja Kawiri

Kwathu ku Sarkhol malo athyathyathya ndi awiri okha: bwalo la nyumba ya Raja, mfumu yathu, ndi chikhatho cha munthu. Kwina konse ndi chitunda kapena phompho. Zigwa zathu ndi zitatu, zonse zopapatiza, ndipo minda imasanjikana m'mapiri ngati makwerero, moti ukagwetsa dzungu m'munda mwako umakalipempha kwa mnansi wa kumunsi. Njira zotulukira m'dzikoli zinali ziwiri. Ina inkakwera pa mpata wa Dharni n'kutsikira ku zidikha, koma chipale chofewa chinkaitseka miyezi inayi pachaka. Ina inali ulalo wa matabwa pa mtsinje wa Neuli, wowolokera ku Dhamrot, dziko limene sitinkamwerana nalo madzi chiyambire pamene Raja wathu wina wakale anabwereka kabawi wosakira wa kumeneko n'kuiwala kubweza.

Pafupi ndi ulalowo pali miyala yoimika, Raja aliyense wake, ndipo pansi pa chithunzi chake anasemapo akazi amene anapsa naye pamodzi potentha mtembo wake tsiku la maliro. Munthu amene ankaidziwa miyala yonseyo ndi maina anali Nokhu.

Nokhu anali wa mtundu wa ansembe, koma wa kumapeto kwenikweni, uja saitanidwa kukayatsa moto pa ukwati. Ntchito yake, imene anatengera kwa bambo ake, inali kulakatula mndandanda wa mafumu pa zikondwerero. Ankayambira pa woyamba, amene akuti anabwera kuchokera ku zidikha kudzapembedza ku kachisi wa pamwamba pa phiri. Tonse tinkadziwa kuti ankathawa ataba mkazi wa mkulu wake, koma zimenezo m'ndakatulomo munalibe. Malipiro a Nokhu anali chakudya, ndipo sanamvekepo akunyoza malipiro. Anali ndi mkazi dzina lake Begmu, mwana wamkazi Durgi, timinda titatu, ndi mtengo umodzi wa mtedza wa akhroti umene ankaunyadira ngati anaulenga yekha.

Mwambo wathu unali wakuti Raja akamwalira, asanamutenthe, ankaphika mpunga mu mkaka n'kuika pachikhatho cha mtembo, ndipo munthu wa mtundu wa ansembe ankadya mpungawo m'dzanja momwemo. Akatero ndiye kuti wameza machimo onse a malemuyo. Wodyayo ankavala zovala za Raja, kugona pa bedi lake ndi kudya zakudya zake chaka chathunthu. Chaka chikatha ankamuthamangitsa ndi ng'oma ndi phulusa mpaka kutsidya kwa ulalo, osadzapondanso dothi la Sarkhol. Palibe ankamukhudza ngakhale ndi chala. N'chifukwa chake ankakatenga mlendo wanjala ku zidikha, munthu wopanda womulira.

Koma Raja Mardan Dev, amene moyo wake wonse sanachitepo kanthu pa nthawi yabwino, anamwalira pakati pa chisanu, mpata utatsekeka. A ku Dhamrot atapemphedwa wansembe, anayankha kuti tibweze kaye kabawi. Mtembo unadikira masiku atatu, kuzizira n'kumathandiza. Tsiku lachitatu nduna yaikulu, Gobardhan, inakwera yokha mpaka kwa Nokhu, ikupuma wefuwefu.

"Pandit," inatero ndunayo, "m'dziko lonse lino ndani amawadziwa mafumu athu ngati inu?"

Nokhu anali asanatchedwepo Pandit, dzina laulemu la ansembe ophunzira, ndi munthu wovala nsapato. "Mwina alipo, bwana, koma sindinakumane naye."

"Ndiye tandikumbutsani za Raja wachisanu ndi chinayi. Amene anadya mpunga wa bambo ake zinamuthera bwanji?"

Nokhu anatseka maso n'kulakatula: Raja Jhagar Dev, mwana wake wamwamuna atabadwa, mtima unasefukira, ndipo anaitanitsa wodya mpunga kuti awoloke abwerere kwawo.

"Mwaonatu," inatero nduna. "Ndipo Raja watsopanoyu wangokwatira kumene, mwana sachedwa. Chaka chimodzi kunyumba yachifumu, timiyezi tingapo kutsidya, basi mwabwerako."

Nduna itatsika, Begmu anatuluka m'khola la mbuzi mmene ankamvetsera.

"Bambo a Durgi, mzere umenewo anaikamo ndi apongozi anga, bambo anu. Anawapatsa bulangete chifukwa cha mzerewo. Bulangetelo ndinalichapapo ine."

"Zimene zili m'ndakatulo zili m'ndakatulo."

"Agogo anga ankati Raja ameneyo anamuitanadi munthuyo, koma anakamuponya pa thanthwe chifukwa mwanayo anabadwa wodwala."

"Agogo ako ankaweta mbuzi. Mbiri aidziwira kuti?"

"Nanga mukufunako chiyani kumeneko?"

"Mkazi iwe, zaka zonsezi ndakhala ndikutchula maina a anthu odya zonona. Nanenso ndilaweko."

Analawadi. Amene anaona akuti ananyambita mpaka pakati pa zala za mtembo.

Chaka chimenecho Nokhu ananenepa mpaka mkanjo wa malemu unayamba kumuthina. Antchito ankamugwadira ali pakhomo, mbale n'kumamukankhira ndi ndodo. Tsiku lina analamula kuti ntchito ya thangata yonyamula katundu wa Raja ithe, antchito n'kuyankha monga ankayankhira Raja weniweni kuti, "Mwanena, Maharaj," ndipo mawa lake anthu anapitiriza kunyamula. Analamula kuti mkazi wake abwere adzamuone. Anayankhanso kuti, "Mwanena, Maharaj."

Chaka chitatha anamukweza pa hatchi ya malemu, bedi ndi mbale zamkuwa zili pambuyo pa nyulu. Nyumba iliyonse inatumiza wamkulu wake kudzamuponya phulusa, poti ndilo lamulo. Ana anawonjezera ndowe ndi miyala mwa kufuna kwawo. Nokhu ankamwetulira n'kumakweza dzanja ngati munthu wopita ku ulendo wa sabata imodzi. Atawoloka, alonda a ku Dhamrot analanda hatchi, nyulu, bedi ndi mbale, amvekere ndi chiwongoladzanja cha kabawi. Anamusiyira nduwira yokha.

Anamanga kanyumba ka miyala kumapeto kwa ulalo. Ali pakhomo pake ankaona timinda take titatu ndi mtengo wake wa akhroti, koma Neuli amasokosera kwambiri pamenepo, moti ngakhale ukuwe bwanji mawu sawoloka. Ankaona Begmu akutunga madzi atavala nsalu yoyera, m'manja mulibe zibangili, poti ansembe anali atamuuza kuti mwamuna wake amuwerenge ngati wakufa. Ankaonanso Ghungar, mlongo wake wa Begmu, akulima timindato kuti tisagonere. Chakudya ankachipeza polakatulira amalonda a mchere odutsa pa ulalo. Iwo ankamuponyera mkate wa chimanga ali patali.

Raja watsopano, Lachhman Dev, anabereka mwana wamwamuna chaka chomwecho. Mizinga italira kunyumba yachifumu, Nokhu anasamba m'madzi ozizira aja, anamanga nduwira, n'kuima pa thabwa loyamba la ulalo kudikira mthenga. Anaima masiku atatu. Anadzateronso pa mwana wachiwiri, ndi wachitatu. Amalonda anafika pomamufunsa kuti, "Maharaj, lero tawoloka kapena tidikire wachinayi?" Ukwati wa Durgi anauonera kutsidya komweko, mzere wa anthu ukukwera phiri ngati nyerere, iye osadziwa kuti mkamwini wake ndi uti mwa iwo.

Kenako ufumu unatha. Kunabwera anthu a boma ndi mapepala awo, Raja n'kukhala munthu wamba wa nyumba yaikulu yodontha, Sarkhol ndi Dhamrot n'kulowa m'boma limodzi. Mkulu wina wa boma, wachifundo ndi wa magalasi, anamuuza Nokhu kuti malire kulibenso, awoloke. Nokhu anafika pakati pa ulalo n'kupeza mudzi wonse utaima kumapeto ndi nsungwi zazitali zogwetsera akhroti, Ghungar ali patsogolo.

"Alamu, ndine," anatero Nokhu.

"Tikukuonani, alamu. Bwererani."

"Boma lanena kuti ufumu watha."

"Ufumu watha, koma zimene munadya zili m'mimba mwanumo. Mardan Dev anapachika anthu angati? Inu mukudziwa bwino kuposa ife. Mukaponda kuno, matalala akagwa pa tirigu, boma lidzatilipira?"

Mkulu wa magalasi uja analemba kalata ku likulu. Yankho lake likubwera mpaka lero.

Patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi chiwolokere Nokhu, Lachhman Dev anamwalira. Ana ake, ophunzira ku zidikha, ankati zimenezi n'zachikale, koma mayi awo anakana kuti mwamuna wawo apite ndi katundu yense uja wa machimo pamutu. Msewu unalipo tsopano, galimoto inatsika kukafuna wansembe, koma ngakhale anjala a ku zidikha anali atachenjera. Ndipo mwana wamkulu wa malemu anafika pa ulalo atavala suti, n'kuima patali.

"Agogo, inu munadya kale. Mukawonjezera pang'ono palibe chimene chisinthe."

"Chaka chathunthu?" anafunsa Nokhu.

"Masiku khumi ndi atatu. Zinthu zinavuta."

"Ndikagone kunyumba kwanga."

"Wodya mpunga amagona kunyumba yachifumu. Mwambo mukuudziwa ndinu."

Nokhu anayang'ana kutsidya, kenako anafunsa ngati mkanjo ulipo.

Anawoloka ali wokalamba, mano atatsala anayi, ndipo akuti atafika pa dothi anavula nsapato zake zaudzu n'kuyenda wapansi mpaka ku bwalo. Mpunga anadya pang'onopang'ono, nthawi ino osanyambita. Masiku onsewo ankakhala pakhonde la nyumba yachifumu atavala mkanjo wodyedwa ndi njenjete, maso ali ku njira yotsika kwawo. Begmu anabwera tsiku lakhumi ndi chiwiri, atawerama msana, n'kugwada pansi pa masitepe monga wina aliyense.

"Mayi a Durgi," anatero Nokhu.

"Maharaj."

"Ndine, iwe. Ukundigwadira chiyani?"

"Mwamuna wanga anamwalira kalekale, Maharaj. Mwambo wake ndinachita, ansembe ndinawadyetsa."

"Anadya bwino?"

"Anadya bwino. Mwamuna wanga akanakhalapo akanatsiriza zotsala."

Nokhu anaseka, kenako anakhosomola. "Durgi ali bwanji?"

"Ali ndi ana anayi. Anauzidwa kuti agogo awo anakokoloka ndi mtsinje."

"Mtengo wanga uja sindikuuonanso ndikakhala kutsidya."

"Ghungar anadula. Matabwa ake ndi chitseko cha nyumba yake."

"Unali kunena zoona za bulangete lija."

"Ndikudziwa, Maharaj," anatero Begmu, n'kudzuka movutika, n'kumapita.

M'mawa wa tsiku lomaliza ng'oma zinalira. Hatchi kunalibe, choncho Nokhu anayenda wapansi, khamu lili pambuyo. Atafika pa miyala ya mafumu ija, pafupi ndi ulalo, anakhala pansi pakati pa njira, napinda miyendo.

"Ndafika," anatero. "Amene akufuna ndichoke andinyamule."

Panali chisokonezo chosekesa ndithu. Anthu mazana atatu, amuna a mphamvu zonyamula matumba a mchere pa Dharni, koma popanda ndi mmodzi yemwe wolimba mtima kukhudza nkhalamba yolemera ngati nkhuku. Anamunyengerera, anamutukwana, anaimba ng'oma m'khutu mwake. Iye anatseka maso n'kuyamba kulakatula kuyambira pa Raja woyamba, koma nthawi ino mosakometsera: uyu anaba mkazi wa mkulu wake, uyu anakankhira mng'ono wake kuphompho, uyu anaponya wodya mpunga pa thanthwe. Ana a malemu anayang'ana pansi. Atafika pa wachisanu ndi chinayi, Ghungar anatuma anthu kukatenga nsungwi.

Phulusa linayenera kuyamba, nyumba ndi nyumba. Wamkulu wa nyumba ya Nokhu anali Begmu, ndipo anaponya lake, dzanja lodzaza, osaphonya. Kenako nsungwi zinagwira ntchito yake. Anamukankha m'nthiti ndi pamsana, akugubuduka thabwa ndi thabwa, mkanjo ukung'ambika, mpaka anakagwera kutsidya. Nduwira inagwera m'madzi.

Anamwalira chisanu chomwecho. Amalonda anamupeza atakhala pakhomo pa kanyumba kake, atauma gwaa, nkhope ili chakuno. A ku Dhamrot anakana kumutentha, amvekere machimo a Sarkhol sangawonongere nkhuni zawo. Ife tinati munthuyo si wathu. Pomaliza anamukankhira mu Neuli ndi mitengo.

Kumunsi kwa ulalo mtsinjewo umakhota, ndipo chilichonse chimene wanyamula umakachisiya pa mchenga wa mbali yathu, pansi penipeni pa timinda titatu tija. Amayi opita kukatunga madzi anamupeza pamenepo, chafufumimba, dzanja limodzi lili pa dothi louma. Anathamanga kukauza Ghungar. Iye anatsika ndi nsungwi yake, namukankhira pakati pa madzi, n'kuima pamenepo mpaka ataona kuti wadutsa pokhota paja.

Tirigu wa chaka chimenecho anachita bwino, ndipo anthu mpaka lero amati Ghungar anaganiza msanga.