Amalume a Tsidya la Msewu

Kwathu malire a dziko ndi msewu. Palibe mtsinje, palibe mpanda wa waya, koma msewu wafumbi womwe umayenda pamwamba pa mtunda kuseri kwa Dambe. Mbali ino ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambiki, ndipo nkhuku zimawoloka tsiku lonse popanda wozifunsa chiphaso. Chapatali pang'ono tsidyalo pali kanyumba ka asilikali awo, ka mbendera yofwifwa ndi dzuwa. Mfuti ali nazo ndithu, koma ife timawadziwa ngati anyamata ogula mandasi ndi kupempha machesi. Chotsala cha nkhondo ya ku Mozambiki ija ndi sitolo yakale ya Mpwitikizi, yopanda denga, khoma lake lili mabowo okhaokha a zipolopolo.

Amayi anabadwira tsidya. Bambo anawatenga chitengwa nkhondo isanafike kuno, ndipo mlongo wawo, amalume athu, anatsala pa munda wa makolo. Zinthu zitavuta amalume anathawira kwathu, nakhala m'khitchini mwathu mpaka mfuti zitaleka kulira, kenako anabwerera kukamanganso pa bwinja lawo. Nyumba yawo imaoneka bwinobwino munthu utaima pamsewu.

Bambo atamwalira, amayi anadwala matenda oumitsa ziwalo. Miyendo inaleka kuyenda, maso nawo anachita khungu. Ine, mwana wamkazi wotsala pakhomo, ndi amene ndimawasambitsa ndi kuwatembenuza. Sabata yonse ankadya mochita kunyengerera, koma Loweruka likafika ankandikumbutsa kuti ndichape duku lawo labwino, chifukwa Lamulungu lililonse amalume akaweruka ku tchalitchi ankawoloka msewu kudzawaona. Sankabwera chimanjamanja. Mwina mbatata ya kachewere, mwina tomato, mwina mapichesi ikakhala nyengo yake. Ankakhala pampando pafupi ndi khomo, awiriwo n'kuyamba kukangana za anthu omwe anafa kalekale, ndani anakwatira ndani, mbuzi ya yani inadya nyemba za yani. Amayi ankaseka mpaka kutsokomola, ndipo tsiku limenelo mbale inkabwerera yopanda kanthu.

Ndili ndi achimwene omwe amagwira ntchito mu ofesi ku Blantyre. Ndi munthu wa pakamwa pokoma, woti akayamba kufotokoza ngakhale za mtengo wa feteleza anthu amasiya zomwe akuchita. Tsiku lina anabwera ndi anzawo awiri n'kuwatengera kumsewu kuti akaone malire. Anzawowo anakasimba m'tauni, basi zinayambira pomwepo. Tchuthi chilichonse kunkafika galimoto, nthawi zina ziwiri, muli azibambo a akabudula ndi azimayi a magalasi akuda, ati abwera kudzaona komwe kunali nkhondo.

Ulendowo unali ndi dongosolo lake. Poyamba ankawaimika pa mwala wa simenti wa malire, aliyense mwendo uku mwendo uku, kujambulitsa. Kenako ku sitolo ija, kuti alowetse zala m'mabowo a zipolopolo. Akamayandikira kanyumba ka asilikali achimwene ankatsitsa mawu n'kuwauza kuti abise mafoni, ndipo alendowo ankayenda monyang'ama, pomwe asilikali akewo akungosewera bawo. Nkhani zinkakula chaka ndi chaka. Ngalande yomwe alangizi a zaulimi anatikumbitsa kuti madzi asakokolole nthaka inasanduka dzenje lobisalamo asilikali. Achimwenewo nkhondo anaimvera ali pansi pa bedi limodzi ndi ine, koma pofotokoza ungati ananyamulako zipolopolo.

Zinkandisangalatsa. Ndinkawaphera nkhuku alendowo, kuvala diresi langa la ku ukwati ndi nsapato, n'kumawatsatira ndi bokosi la zakumwa. Ankanditchula kuti sisi, n'kumandijambula nawo limodzi. Munthu wongokhalira kutaya madzi osamba odwala, tsiku loti anthu a m'tauni akuitane ndi ulemu silikhala laling'ono. Ndinkaona kuti achimwene amasankha Loweruka nthawi zonse, ndiponso kuti sanawauzepo alendo awo kuti amayi ndi a tsidya, koma sindinafunse. Ndinkati ndi zawo za m'tauni.

Loweruka lomwe ndikunenali inali nyengo ya mapichesi. Achimwene anabwera ndi abwana awo a ku ntchito pamodzi ndi akazi a abwanawo, ndi ena angapo omwe anali atabwerapo kale. Apa ndiye panali vuto, chifukwa obwereza aja ankayankhira nkhani zisanathe, ndipo abwanawo ankayasamula n'kumayang'ana wotchi. Ndinawaona achimwene akutuluka thukuta, maso akufunafuna chatsopano. Tsidya la msewu amalume anali pabwalo pawo akukhomera mpini wa khasu.

Amalume dzanja lamanzere alibe zala ziwiri. Zinaduka ndi chingwe cha ngolo ng'ombe zitadzidzimuka pa chitsetse, ndipo mudzi wonse umadziwa zimenezo. Achimwene anawaloza ndi mlomo, n'kuwauza alendo motsitsa mawu kuti mkulu uyo anali wa m'tchire nthawi ya nkhondo, zalazo zinapita ndi bomba, anthu omwe anawapha sawerengeka, ngakhale asilikali a pa mbendera aja amamulambalala. Anawachenjeza kuti asamuyang'ane m'maso. Abwana aja tulo tinawathera pomwepo, mafoni onse anakwera m'mwamba. Ine ndinatseka pakamwa ndi dzanja kuti ndisaseke. Ndinkaganiza kuti mawa lake ndidzawasimbira amalumewo, tidzasekere limodzi ndi amayi.

Koma amalume anali atamuona mwana wamwamuna wa mlongo wawo, yemwe anali asanamupatse moni kwa nthawi yaitali. Anasiya khasu, analowa m'nyumba, anatuluka atavala jekete la ku tchalitchi, m'manja muli dengu la mapichesi ndi kampeni kosendera pamwamba pake. Anayamba kuwoloka msewu akumwetulira. Akazi a abwana atangoona kampeniko anakuwa n'kuthawira kuseri kwa galimoto.

Achimwene anakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. "Imani pomwepo, madala. Alendowa sakugula kanthu lero."

Amalume anaima pakatikati pa msewu, anavula chipewa. Sanawayang'anenso achimwene, anayang'ana ine.

Kwathu malume ndi mwini mbumba. Ndi iwo anandiimira pa ukwati wanga, ndi iwonso anakanditenga banja litatha. Chibadwire ndinali ndisanakumanepo nawo osagwada, kaya ndi pamsika, kaya m'matope, kaya ndasenza ndowa pamutu. Mawondo anga anayamba okha kupinda. Koma ndinali m'diresi lija, mafoni onse atalunjika, ndipo kugwada kukanatanthauza kuti achimwene ndi abodza pamaso pa abwana awo. Ndinawongoka. Mayi uja anasuzumira kuseri kwa galimoto n'kundifunsa ngati ndimawadziwa mkuluyo.

Ndinati, "Timangowaona."

Sindinakuwe, koma pamsewu panali zii, ndipo amalume makutu awo ndi abwinobwino. Anawerama, anaika dengu pansi pomwe anaimapo, anawomba m'manja pang'onopang'ono ngati munthu wotsanzika pabwalo la eni ake, n'kubwerera. Sanatembenuke mpaka analowa m'nyumba. Patapita kanthawi mmodzi wa alendo anathamanga kukatola dengulo anzake akumuombera m'manja, ati walimba mtima. Mapichesi anadyera m'galimoto, ndipo potsanzika abwana aja anati ulendo ngati umenewu sanauonepo. Ine manyazi anali atandigwira kale, moti nkhuku yomwe ndinaphika ndekha sindinailawe.

Mawa lake ndinawasambitsa amayi m'mamawa, kuwamanga duku, kuika mpando pakhomo. Dzuwa linafika paliwombo, linapendeka, mpando uli chikhalire. Amayi anati mwina tsidya kwagwa maliro. Lamulungu linalo anati mwina ndi msana, paja mlongo wawo samvera akauzidwa kuti asamasenze matumba. Lamulungu lachitatu anangomvetsera kunja, ndipo aliyense wodutsa panjira ankandifunsa kuti ndi ndani. Chakudya chinayamba kubwerera chosakhudzidwa, ngakhale phala la mkaka lomwe amalikonda.

Ndinawaimbira foni achimwene. Anaseka, ati akuluakulu a kumudzi samva nthabwala, ndikangowagulira paketi ya shuga zonse zitha. Nditawauza kuti amayi sakudya, anati ali mu msonkhano, adzaimbanso. Ndinakwiya nawo, koma mkwiyowo sunapite patali, chifukwa mawu omwe anawabweza amalume pamsewu paja anatuluka mkamwa mwanga.

Choncho ndinagwira tambala wanga, ndinatenga dengu lija lomwe alendo anasiya pakhonde, n'kuwoloka. Msewu womwe ndinauwoloka moyo wanga wonse osauganizira tsiku limenelo unatalika. Asilikali aja anandipatsa moni, kufunsa ngati tambalayo ndi wogulitsa. Ndinafika pamphepete pa bwalo la amalume n'kugwada m'fumbi.

Amalume anatuluka, anandiyang'ana, n'kuwauza akazi awo kuti abweretse mpando, alendo sakhala pansi. Pakhomo pamenepo ndinakulira pa mphasa ndi pakhonde, ndinkalowa mpaka kukhitchini kukavundukula miphika, ndipo mpando wa alendo ndinali ndisanaukhalepo. Ndinakana, iwo anangodikira ataimirira mpaka ndinakhalapo. Kenako anandifunsa za ulendo, za komwe ndachoka, ngati mvula ikugwa kwathuko, mwaulemu wonse. Akanandikalipira, kapena kunditukwana kumene, ndikanapeza pogwira. Ndinatsika pampandopo ndikulira, ndinapepesa, ndinafotokoza za abwana aja, za mafoni, zonse zomwe ngakhale ine pozinena ndinkamva kuti ndi zopanda mutu.

Anandisiya mpaka ndinamaliza. Za achimwene anati alibe nazo mawu, munthu wa m'tauni amadyera pakamwa, ndipo ngati kuwasandutsa chigawenga kumamusungira ntchito, aziwasandutsa. Kenako anasisita dzanja lawo lija.

"Koma iwe," anatero, "Lamulungu lililonse umandithirira madzi m'manja. Ine ndimati ndili pakhomo pa mbumba yanga. Tsono ndikabweranso, ndidzakhala bwanji pampando uja? Kapu ya madzi ndidzailandira bwanji m'manja mwako?"

Ndinawauza kuti amayi sakudya. Nkhope yawo inasintha, ndinaona ndithu kuti zawalasa, ndipo ndinayembekeza kuti adzuka kukatenga jekete. Sanadzuke. Anati ndikawauze mlongo wawo kuti iwo ali bwino, ndipo mwina mtima ukadzatsika adzaona chochita, koma pakali pano miyendo ikukana. Dengu analandira. Tambala anati ndibwerere naye, akadye wodwala.

Nditafika kunyumba amayi anamva tambala akulira m'khwapa mwanga. Maso alibe koma mutu wawo ndi wabwinobwino. Anandiitana, anandiuza kuti ndikhale pafupi, n'kundifunsa mosazungulira chomwe chamuletsa mlongo wawo kubwera. Anati ngati wamwalira ndiwauze, iwo si mwana.

Ndinati ali moyo, ndipo ndawaona ndi maso anga. Anafunsanso kuti nanga n'chiyani. Kuti ndiyankhe zoona ndinayenera kuwauza kuti mwana wawo wamwamuna anamuonetsa mlongo wawo kwa alendo ngati chilombo, ndipo mwana wawo wamkazi, yemwe amawasambitsa tsiku ndi tsiku, anamukana pamsewu. Ndinatsegula pakamwa, chomwe chinatuluka n'chakuti asilikali a tsidya atseka msewu, sakulola akuluakulu kuwoloka, ine ndachita kuzemba.

Ndinkaganiza kuti adandaula, kapena atukwana boma monga amachitira pa nkhani ya makuponi. Sindinakumbukire kuti munthu amene ndikumunamizayu anathamangapo ndi ana kumsana mfuti zikulira pa mtunda womwewu. Dzanja lawo lomwe limagwira ntchito linayamba kupapasa pa bulangeti mpaka linapeza langa. Anafunsa ngati kwamveka kale kuwomba. Ndinati ayi. Anafunsa ngati mlongo wawo ali ndi ufa wokwanira, ngati nyumba yake sinatenthedwe. Ndinati zonse zili bwino, ndi msewu wokha.

Anandifinya dzanja. "Iwenso usakapitenso. Ukapeza wodutsa, akamuuze kuti asayerekeze kubwera. Ine ndili bwino, ndizidya. Angamuwombere chifukwa cha ine."

Anadyadi tsiku limenelo, mokakamiza, kuti uthenga ukafike woona. Kuyambira pamenepo safunsanso za Lamulungu. M'mawa uliwonse ndikamaliza kuwasambitsa amandigwira mkono kuti tipemphere, ndipo pemphero lawo ndi limodzi, loti Mulungu amubise mlongo wawo kwa asilikali. Amalira popemphera. Akamaliza amadikira kuti ndivomereze, ndipo ine ndimati ameni.