Mfuti Yotsekedwa ya m'Galaja Mwathu

Amuna anga anaphunzitsa ntchito yowotcherera zitsulo ku Lilongwe kwa zaka zambiri. Titasamukira ku Perth, mapepala awo sanavomerezedwe msanga, choncho anayamba ntchito yosesa m'nyumba yosungiramo katundu ku Maddington, pafupi ndi pamene tinkachita lendi. Ine ndinali namwino pachipatala cha ku Murdoch, ndipo viza ya banja lonse inkadalira ntchito yanga. Iwo sanadandaulepo. Anangoyamba kukhalitsa m'galaja.

Loweruka lililonse masana ndinkamva tupa ikulira m'menemo, ndipo ndinkayesa kuti akupanga mbaula. Tsiku lina amayi a mpingo wathu anabwera kudzapemphera kwathu. Mipando itaperewera, ndinapita ndi mayi busa kukatenga ina m'galajamo. Nditatsegula chitseko, tinapeza amuna anga atawerama pa tebulo, tupa ili m'manja, ndipo m'chopanira zitsulo munali mfuti yaitali yachikalekale.

"Bambo, chimenechi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Inali mfuti kale, mayi, panopa si mfuti. Taonani, anaiwotcherera mpope ndi zoyenda zake zonse. Ndinaigula pamene ankagulitsa katundu wa mkulu wina amene anamwalira. Inkangokongoletsa khoma."

Mayi busa anatenga mipando iwiri uku akuseka. "Ee, achimwene, kodi nguluwe za ku Maddington zafika povuta chonchi?"

Ndine ndinatsogolera mapemphero tsikulo, koma sindikumbukira zimene ndinanena. Ndinali munthu amene atsikana a mumpingo ankamuopa pa nkhani ya kavalidwe ndi kusunga nthawi, ndipo ndinadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhaniyi ikhala itafika mpaka kwa Amalawi a ku Balga, mbali ina ya mzindawu.

Alendo atachoka ndinabwerera m'galaja. Amuna anga anafotokoza kuti bambo awo anali ndi mfuti ya gogodela yolonderera chimanga ku Ntchisi, ndipo iwo ankangofuna kuti zitsulo za mfutiyi ziyendenso, amve kulira kwake popanda chipolopolo. Koma chowotchereracho chinakana. Anati chitsulocho chinali cholimba kwambiri moti tupa inkangoterereka, ndipo matupa awo onse anatha mano pachabe. Anandigwiritsa chala pamalo owotchererapo kuti ndimve kusalala kwake. "Amene anachita izi ankadziwa ntchito," anatero. Ankalankhula ndi mawu a mphunzitsi, mawu amene ndinali ndisanawamve chichokereni kumudzi.

Ine ndinachotsa chala changa. Ndinawauza kuti chitsulo chimene akulimbana nachocho ndicho chikutisunga m'dziko muno. Chikadzachoka, m'nyumba mwathu mudzakhala mfuti yopanda chilolezo, ntchito yanga idzatha, viza idzapita, ndipo mwana wathu wamkazi, amene anali m'chaka chomaliza cha sekondale, adzasiyira sukulu panjira.

"Ndangokanda pamwamba pokha," anatero.

"Ndiye mukufuna mumalize kaye, kuti mutilongezere bwino masutukesi?"

Ine sindinkadziwa zimene lamulo limanena ngakhale pa mfuti yotsekedwa, ndipo sindinafune kukaziphunzira m'khoti.

Lolemba m'mawa ndinaimba foni kupolisi, ndipo anandiuza mmene tingaibweretsere. Tinaikulunga m'bulangete lakale. Potsika m'galimoto ndinayang'ana mbali zonse kuopa kukumana ndi Mmalawi. Pa kauntala panali wapolisi wamkazi, wamng'ono ndithu woti n'kukhala mwana wanga. Anafunsa amuna anga kumene anaitenga mfutiyo, ine n'kuyankha. Anafunsa za zokandikazo, ine n'kuyankhanso. Pamenepo anandiuza mwaulemu kuti akufunsa bambowo.

Amuna anga anavula chipewa n'kufotokoza zonse m'Chingelezi chodekha, osabisa kanthu: kuti anayesa kuchotsa chowotchereracho, kuti analephera, ndiponso chifukwa chake. Ndinaima pambali pawo ndikuyang'ana nsapato zanga zakuntchito. Sindinathe kusiyanitsa kuti manyazi anga anali a mfutiyo, kapena a kumva bambo wa imvi akudziulula ngati mwana wasukulu pamaso pa mtsikana, ine mkazi wawo nditawabweretsa.

Wapolisiyo anaitana mnzake wamkulu, amene anayang'anitsitsa malo okandikawo kwa nthawi ndithu. Kenako anati tachita bwino kubwera nayo ikadali yotseka. Anailandira, analemba zimene amuna anga ananena, n'kutiuza kuti tikhoza kupita. Mlandu sunakhalepo, ndipo tikadali ku Perth.

Lamlungu lotsatira tinapita kutchalitchi monga mwa masiku onse. Tisanalowe n'komwe, mkulu wina wa mpingo anakweza dzanja ali patali. "Alenje afika! Bwanji, nyama mwasiya m'galimoto?"

Amuna anga anaseka limodzi ndi azibambo anzawo, n'kugwirana nawo chanza. Ine ndinadutsa mowongoka, ndinakakhala pamalo panga kutsogolo, ndipo sindinacheuke mpaka mapemphero anatha.