Moni wa pa Lamya ya ku Chipata

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene moni wanga unachedwetsa amayi kupita kuchipatala.

Amayi anali oyembekezera. Matenda anawayamba, koma mwana sanabwere. Azamba a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kamwendo, anati zawakanika. Ngolo inalipo, ng'ombe zinalipo, koma palibe amene analimba mtima kuwanyamula popanda mawu a mwinimbumba, amalume athu, amene ankagwira ntchito pa galaja ku Chipata. Bambo anali ku migodi. Ine ndinali mwana wasukulu, choncho anandikweza pa lole ya fodya kuti ndikaimbe lamya ku boma.

Chipata ndi pafupi, koma waya sunkadziwa zimenezo. Unkatsata mapolo a m'mbali mwa msewu kupita ku Lilongwe, n'kuzungulira mizinda ina, kenako n'kubwerera kudzafika kuseri kwa phiri lomwe tinkaliona ndi maso. Lamya yakunja unkayamba wapempha, n'kudikira.

Kalaliki wa pa positi ofesi anali bambo wadazi, wosuta kwambiri. Anapukusa chogwirira, nalankhula ndi anzake akutali, kenako anandiweramira.

"Ku Zambia? Ukambe za matenda zokha, wamva? Wayayu ali ndi makutu."

Ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Mmene lamya inalira, ndinathamanga kukaiika kukhutu. Mkatimo munkaphulika ngati chimanga chokazinga, koma mawu a amalume ndinawamva.

Kwathu mwana sayamba ndi nkhani yoipa pamaso pa wamkulu. Ndinapinda mawondo pamenepo, ngati akundiona.

"Muli bwanji amalume?"

"Ndili bwino, kaya iwe? Kodi ndi Esinati?"

"Eee, ndine. Azakhali ali bwanji? Nanga ana?"

"Onse ali bwino. Kumudzi mvula..."

Zii. Lamya inaduka.

Ndinakuwa m'chitsulomo mpaka mawu anasasa. Kalaliki anandilanda.

"Iwe mwana, amako akufa, iwe ukufunsa za azakhali? Pa lamya nkhani patsogolo, moni pambuyo!"

Ndinagwada pa simenti, n'kugwira mwendo wa buluku lake. Anthu a pamzere anayang'ana kumbali. Bamboyo anatukwana chapansipansi, napukusanso. Nkhomaliro sanapite. Anachonderera munthu wina wa ku Lilongwe, akumutchula kuti achimwene, ngakhale ndikukhulupirira kuti sanaonanepo.

Inaliranso dzuwa litapendeka. Sindinadikire n'komwe kuti ndimve amene wayankha.

"Amayi akufa! Mwana wakanika! Lolani apite kuchipatala!"

"Mukudikira chiyani nanga?" anakuwa amalume. "Anyamuleni! Anyamuleni!"

Kalaliki anandiimikira galimoto ya katundu yochokera kumalire. Ndinathamanga kuchokera pamsewu mpaka kumudzi ndikufuula mawu amenewo, ng'ombe n'kumangidwa ine ndisanafike pakhomo.

Amayi anapulumuka. Mwana anali mtayo, ndipo anakaikidwa ndi azimayi okhaokha, monga mwa mwambo. Anamwino sananene ngati maola aja akanasintha kanthu, ndipo palibe amene anandiloza chala. Ndinachita zomwe anandiphunzitsa.

Ndagwira ntchito ya nyuzipepala moyo wanga wonse, ndipo akonzi sanavutike kundiphunzitsa kuti chachikulu chimayamba. Lero mapolo aja anagwa, lamya ili m'thumba la aliyense. Mdzukulu wanga akandiimbira n'kuyamba ndi moni wautali, ndimamudula: "Nena kaye, kuli bwino?" Iye amati ndilibe ulemu. Akayankha kuti kuli bwino, m'pamene ndimakhala pansi, n'kumufunsa za azakhali ake.