Mphasa Zinayi ndi Malata a Amalume

Mphasa zinali zinayi, zokulungidwa pamodzi n'kumangidwa ndi kansalu kong'amba ku chitenje chakale. Zinaima pakona ya pabalaza kuyambira mu Ogasiti, zatsopano, zikadanunkha bango la kudambo. Amayi anazigula kwa bambo wina wa njinga wochokera cha kwa Mponda, ndipo anachenjeza kuti aliyense woziyala pansi aona chomwe chidameta nkhanga mpala. Sizinali zogonapo. Ankafuna kuziyala m'mwamba, kunsi kwa malata, kuti zikhale siling'i.

Malatawo anali a amalume, achimwene awo a amayi. Chimphepo cha mu Febuluwale chitasasula denga lathu laudzu, iwo ndiwo anabwera ndi malata ndi matabwa omwe anagula atabwerako ku Joni, n'kutifolera nyumba. Abambo anali atangopita ku Joni komweko, ndipo foni yawo inali itayamba kale matenda osalira. Ine ndinali Sitandade 7, mtsikana wosamva, ndipo ndinanyada moti anzanga anatopa nane. Mvula ikagwa ndinkawaitana kuti adzamve mmene imalirira kwathu.

Kenaka Okutobala anafika.

Amene sanakhalepo ku Mangochi mwezi umenewu asanditsutse. Ikamakwana naini koloko m'mawa malata ankayamba kuthetheka, the, the, ngati muli munthu akuwagogoda ndi chikhadabo. Pofika masana nyumba inali ng'anjo. Kandulo wa pawindo anawerama n'kugona pansi. Mafuta odzola anasanduka madzi m'botolo. Panja nyenje zinkalira mpaka m'mutu kuchita waa, mchenga ukuotcha mapazi, mphepo itangoti zii.

Amayi anali oyembekezera, ndipo ku sikelo anawauza kuti mwana abwera mu Novembala. Mapazi anatupa. Sankakhazikika malo amodzi: achoke pabalaza apite pakhonde, achoke pakhonde apite pansi pa mango, ntchentche zikawavuta abwerere m'nyumba, anyowetse chitenje adzifunde, chiume, anyowetsenso. Ine ndinkawatsatira ndi maso, nanenso mtima uli m'mwamba. Ndinawamva tsiku lina akuuza mayi wa nyumba yoyandikana nafe kuti, "Ine ndipirira. Nanga khanda ndidzaligoneka pati?"

Sabata imeneyo aphunzitsi a sayansi anabwera m'kalasi ndi zitini ziwiri zamadzi. China anachivundikira ndi chidutswa cha lata chokha, china anayamba aika kamphasa kenaka lata pamwamba, n'kuziika padzuwa. Belu la masana litalira tinapisamo zala mmodzimmodzi. "Mpweya wa pakatiwo ndiye mlonda," anatero aphunzitsi. "Kutentha kukafika pamenepo kumasowa njira." Ndinafika kunyumba ndili katswiri. Ndinakwera padenga ndi dzira la nkhuku ya amayi kuti nditsimikize kuti likhoza kukazingika. Silinapse. Linangouma, akhwangwala n'kudzalimbirana, ine n'kulandira zikoti ziwiri: chimodzi cha dzira, china chifukwa mtsikana sakwera padenga.

Ndinawafunsa amayi chimene chinkatiletsa, poti mphasa zilipo, manja tili nawo. Yankho lawo linali limodzi nthawi zonse: "Denga lili ndi mwini wake."

Mwini wakeyo ankabwera Lachisanu lililonse akatuluka ku mzikiti. Ankatsika pa kabaza atavala mkanjo woyera ndi kofia, akununkhira perefyumu, poti masiku amenewo ankawolokawoloka kupita ku Malindi kumene anali ataonako mkazi. Ankakhala pampando pansi pa mango, amayi n'kugwada chapatali movutikira ndi mimba yawo. Akatha malonje amayi ankati, "Achimwene, nanga za mphasa zija?" Ndipo sabata iliyonse chifukwa chinkasintha. Poyamba anali makoswe: siling'i ndi nyumba ya makoswe. Sabata yotsatira inali mileme. Kenaka anati malata okongola chonchi munthu n'kuwabisa, alendo aziona chiyani akayang'ana m'mwamba? Zifukwa zitatha anangotsala ndi mawu atatu: "Tiona, chemwali, Inshallah."

Ine ndinaona chinthu chimene akuluakulu sanachione, kapena anachiona koma ulemu unawatseka pakamwa. Amalume sankalowa m'nyumba. Mlandu wa kutentha ankauweruza ali pamthunzi. Mpaka lero, ndamaliza Fomu 4, ndimati chimenecho si chilungamo.

Lachisanu lomaliza la mweziwo amayi anachedwa ku sikelo. Amalume anafika dzuwa lili paliwombo. Ndinawalandira ndi ulemu umene sindinauonetsepo chibadwire: kugwada, kuwomba m'manja, maso pansi. Ndinati amayi asiya uthenga woti kwabwera kalata yochokera ku Joni, ili kuchipinda pamwamba pa sutikesi, ndipo anena kuti mwana asaigwire. Atamva za Joni ananyamuka msangamsanga, n'kuvula nsapato pakhomo. Atangolowa ndinakoka chitseko, n'kulowetsa mpini wa supuni pokolekera loko.

Kwa kanthawi ndinkangomva sutikesi ikukhwekhwerezedwa. Kenaka chitseko chinagwedezeka.

"Iwe! Kalata ili kuti? Tsegula apa!"

"Chitseko chakana, amalume. Chimatero chikatenthedwa."

Ndinakhala pakhonde ndi mango wosapsa ndi mchere m'dzanja. Mawindo athu anali aang'ono, okhala ndi zitsulo, ndipo pa limodzi la iwo panatulukira mphuno ya amalume.

"Wallahi, ndikatuluka muno ukagona kuchipatala!"

"Kodi mukutentha m'menemo?"

"Ukundifunsa chiyani, mwana wopanda mwambo iwe?"

"Ndimangofunsa. Amayi amakhala m'menemo tsiku lililonse, komanso iwo ali awiri."

Mayi wa nyumba yoyandikana uja anasuzumira pampanda, mtsikana wake ali pambuyo. Ndinkayesa andikalipira. Anayang'ana supuni, anayang'ana mphuno ija, n'kuphimba pakamwa ndi chitenje. "Achimwene, mutembenuke," anafuula, "mupse mbali zonse!" Atatero anathawira kuseri kwa bafa kukamalizira kuseka.

Amalume anakalipa, ananyengerera, analonjeza kundigulira nsapato za sukulu. Kenaka anangoti chete. Malata okha ndiwo ankathetheka. Kunena zoona cheteyo anandiopsa pang'ono, koma ndinaima nganganga. Ndinadziuza kuti ngati zitini za aphunzitsi zinadikira belu, nawonso adikira.

Amayi atabwerako ku sikelo ndiwo anasolola supuniyo. Anangoponya buku la sikelo pansi osandiyang'ana n'komwe. Amalume anatuluka mkanjo utamatirira kumsana, kofia ili m'manja, ndevu zikuchucha. Ine ndinali nditaima kale pafupi ndi mpata wa mpanda, mwendo umodzi uli kunja. Koma sanandithamangitse. Anapita pamtsuko, anamwa makapu awiri, lachitatu n'kudzithira kumutu. Atakhala pampando wawo anayang'ana mapazi a amayi kwa nthawi yaitali.

"Ikani mphasazo, chemwali," anatero motsitsa mawu. "Koma mumange ndi chingwe. Pamatabwa anga pasalowe msomali ngakhale umodzi."

"Ndi chingwe?"

"Ndi chingwe."

Amayi anagwada n'kunena kuti, "Zikomo, achimwene." Basi.

Makutu anga anakokedwa madzulo ake mpaka ndinamva kulira kwa nyenje kawiri. Anandituma kukapepesa, ndipo ndinapepesa ndi pakamwa pokha. Anthu ena akamakula amati akakumbukira za ubwana amachita manyazi. Ine ayi. Mutandibwezera tsiku lija ndikhoza kungosankha supuni yolimbirapo.

Mawa lake ndinaimirira pa mgolo, nthawi ino ndi chilolezo, amayi akundipatsira mphasa ndi zingwe. Tinasiya mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa lata ndi mphasa monga anatiphunzitsira. Tizidutswa ta bango tinkandigwera m'maso, thukuta likuyenderera m'zigongono. Titamaliza tinakhala pansi n'kudikira masana. Sikuti nyumba inasanduka Zomba, ayi. Koma munthu ankatha kugona chagada osamva ngati wina wamuika mbaula pamphumi. Mlongo wanga anabadwa mu Novembala, ndipo miyezi yake yoyamba anagona pansi pa mphasa zimenezo, akuyang'ana mizere ya bango ngati akuiwerenga. Makoswe anabweradi, awiri, koma zimenezo amalume sitinawauze.

Mvula itatha amalume anakwatira ku Malindi, ndipo monga mwa mwambo wathu mwamuna amakamanga kwawo kwa mkazi. M'mawa wina mu Meyi anabwera ndi kalole ndi amisiri awiri kudzatenga malata ndi matabwa awo. Kumasula mphasa sikunatenge nthawi yowiritsa tiyi: kukoka mfundo, mphasa pansi, kukoka ina, mphasa pansi. Pofika masana tinali kuona mitambo tili pabalaza. Mwezi wotsatira tinafoleranso ndi udzu.

Koma zimenezo zinali kutsogolo. Lachisanu lija ine ndinazungulira mudzi wonse makutu akuwawa, ndikufotokozera aliyense mmene ndinaphikira amalume, ndikuwonjezera ndi zina zomwe sizinachitike. Nditabwerako ndinapeza amayi ali pakhonde, akupota chingwe cha mlaza pantchafu, osaseka. Ndinawauza kuti tapambana. Anangoti, "Eya, mwanangu," n'kupitiriza kupota. Ndinkayesa akadakwiya chifukwa cha mwano wanga. Sindinkadziwa kuti Lachisanu lililonse lija, pogwada pansi pa mango, amayi ankafunsa ngati dengalo linali lathu mpaka kalekale kapena longobwereka, ndiponso kuti amalume ankabisala kumbuyo kwa makoswe ndi mileme poopa kuwauza mlongo wawo woyembekezera zoona. Ine ndi amene ndinawakakamiza kuyankha.