Andibereketsa mwana mu lesitilanti

Mwaswera bwanji nonse?

Lero bambo a Tadala anatitengera kumapiri ku Virginia kuno ku America, tinakadya mu lesitilanti ya anthu a ku Mexico. Chakudya chitangofika, Tadala anayamba kulira, azungu onse maso pa ife. Chitenje ndinasiya kunyumba, paja kuno ndimachita manyazi kubereka pagulu. Ndinawanong'oneza bambo ake kuti tizipita.

Kenaka mayi ophika anatulukira ndi nsalu yawo yamizeremizere. Chizungu sadziwa, inenso changa mukuchidziwa. Anangondikodola kuti ndiwerame, n'kumuika mwana kumsana, mfundo pachifuwa, ndendende ngati kwathu! Mwana tulo. Nyemba zanga ndadya zikadali zotentha.

Nsaluyo andipatsa. Bambo a Tadala akuti Lamlungu ndikalowe naye mwanayu choncho m'tchalitchi mwathu ku Landover. Amayi, ndilimbe mtima?